Ndidasankha Sabata Yopanda Ana

"Munthu akakupatsa chinthu chachikulu chomwe sudapemphe, usayang'ane chinthucho. Yang'ana dzanja lake linalo." Adandichenjeza chotero ndi azakhali anga, tsiku lomwe adanditenga koyamba kukagulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, ndili kamtsikana kosadziwa n'kumanga komwe chitenje. Azakhaliwo adatisiya kalekale, koma mawu awo ndakalamba nawo. Ndimakhala kuno kumapiri, kufupi ndi Biriwiri, komwe msewu waukulu ndiwo malire. Ukangooloka tala, wafika ku Mozambique. Malo otere amaphunzitsa munthu kupenya. Ndimaidziwa galimoto yomwe yaima kuti igule mbatatesi, ndimaidziwanso yomwe yaima kuti ione nyumba yopanda mwamuna. Anthu amati ndine wokayikira. Anene. Mbuzi zanga zonse zili m'khola.

Mwana wanga wamkazi, chitsirizira, adapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba za eni ake. Adandisiyira kamtsikana kongosiya kumene bere. "Zinthu zikayenda ndidzamutenga, amayi," adatero. Zinthu za ku Joni siziyenda msanga. Mwanayo adakulira pamsana panga, kenako pabedi panga, mapazi ake ozizira akufuna malo pakati pa miyendo yanga m'miyezi ya chisanu. Malemu amuna anga ankamutcha mkazi wawo watsopano, choncho ine ndidayamba kumuitana mkazi mnzanga. Iwo atamwalira tidatsala awiri, ine ndi mkazi mnzangayo, wina akusenda mbatatesi wina akukoleza moto.

Tsiku lina, mwanayo ali wamng'ono ndithu, kudabwera achibale a bambo ake kuchokera kuchigwa, cha ku Kasinje. Amati akufuna am'tenge akaone kwa bambo ake kwa masiku ochepa. Masiku ochepa ine ndimawadziwa. Ndidawapatsa mpando ndi madzi, ndidatulukira khomo la kuseri, ndidaoloka msewu n'kukam'siya mwana kwa msuweni wanga wa kutsidya. Alendowo adadikira mpaka kutopa. Mayi ake atamva pa foni adaseka kwambiri. Sindidadziwe kuti akuseka uku akusunga.

Chaka chomwe ndikunena, mdzukulu wangayo adali sitandade faifi. Mayi ake adabwera kumayambiriro a Disembala, sukulu zitatsala pang'ono kutsekera, ndi chikwama chamatayala komanso tsitsi losakhala lake. Titadya, adakhala pafupi nane pakhonde n'kutulutsa foni.

"Amayi, mwandilerera mwana zaka zonsezi. Ndikufuna ndikutengeni mukakwere sitima ya panyanja. Inu, ine ndi mwanayu. Tikayende masiku angapo, mukapume."

"Ndakuuza kuti ndatopa?"

"Simudanene. Koma nyanja mudaionapo inu?"

"Ndidaiona pa kalendala ya kutchalitchi. Idali yokwanira."

Mwana adali atapachika kale chibwano paphewa langa, maso ali pa foni. Mayi ake adationetsa sitima ziwiri. Ina idali yaing'ono, yatsopano, yothamanga, yomwe amati imakufikitsa kuchilumba osachedwa. Ina idali yaikulu, yakale, yoyenda pang'onopang'ono n'kumaima padoko lililonse. Mwana adafuna yothamangayo. Ine ndidafunsa funso limodzi lokha: ndi iti yomwe ili ndi chitseko chokhoma? Yaikuluyo akuti idali ndi tizipinda tamakiyi pamwamba pake. Ndidati ngati n'kukwera, tikwera imeneyo. Chinthu chomwe chakalambira pamadzi chimakhala kuti madziwo chikuwadziwa.

"Ndiye tinyamuke sabata yomwe atsekere sukulu," adatero mayi ake.

Ndidati ndiganize.

M'masiku otsatirawo ndidachita zomwe ndimachita nthawi zonse, ndidapenya. Ndidaona mwana wanga akuyeza phazi la mwana wake ndi chikhatho. Ndidamuona akusanthula zovala za mwanayo, zina kuika kuno zina uko, ngati munthu wosankha mbewu. Tsiku lina adati akufuna apite naye ku Lilongwe kukagula nsapato, ngati kuti pa boma pa Ntcheu nsapato zidatha. Ndidawalola, koma chikwama chamatayala chija ndidachitsekera kuchipinda kwanga, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Adabwera madzulo ndi nsapato ndithu. Komabe mtima wanga udali utanena kale: ameneyu wabwera kudzatenga mwana, ndipo sitimayi ili m'kati mwa nkhaniyo.

Kumsika ndidapeza mayi wina yemwe amabwera ndi usipa kuchokera kunyanja. Sindimukhulupirira pa muyeso wa mbale yake, koma pa nkhani iyi adalibe choti apindule. Ndidamufunsa za sitima nthawi ya holide.

"Iii, agogo, musayerekeze! Ana asukulu obwerera kwawo, amalonda ndi matumba awo, anthu okadyera Khirisimasi kumudzi, onse m'menemo. Popondapo palibe. Madoko ena sitima sifika kumtunda, mumatsikira m'timaboti. Ana amangowapatsirana m'manja pamwamba pa mitu, ngati matumba a ufa. Wako umakam'peza kutsogolo."

Ndidabwerera kunyumba ndikuona chinthu chimodzi chokha m'maso mwanga: mdzukulu wanga akuyenda m'manja mwa anthu osawadziwa, ine ndili kumbuyo kwa chigulu, mayi ake ali kutsogolo, ndipo kumtunda kuli galimoto yodikira. Pa chipwirikiti chotero munthu angathe kutenga mwana iwe ukuona, n'kudzati tidasochererana.

Ndiye ndidakonza zanga. Kuno chaka cha sukulu chimayamba Seputembala. Januwale ndi pakati pa chaka, teremu yachiwiri. Ndidati mumtima, palibe mayi wanzeru yemwe angazule mwana pakati pa chaka, ndipo palibe sukulu yomwe ingamulandire. Ndikangokoka nkhaniyi mpaka sukulu zitatsegulira, mwana wavala yunifolomu, dzina lake laitanidwa m'kalasi, ndiye kuti ndam'manga mpaka mwezi wa Julaye. Za Julaye tidzaziona pa Julaye. Komanso sitima ya masiku a sukulu imakhala yopanda anthu. Ndingathe kuona aliyense wokwera ndi wotsika.

"Tipita sukulu zikatsegulira," ndidawauza. "Sabata yachiwiri. Mwana ajomba masiku ochepa, aphunzitsi ndikawauza ndine."

Mwana wanga adandiyang'ana nthawi yaitali. "Amayi, pa holide ndiye pabwino."

"Pabwino kwa akuba."

"Kachipinda kathu kadzakhala kokhoma. Simudzathithikana ndi munthu."

"Nanga potsika? Udzandigulira doko langalanga?"

"Chabwino, amayi. Mmene mwaneneramo." Kuvomera kofulumira chotero kukadayenera kundidzidzimutsa. Koma ndidali wokondwa ndi nzeru zanga.

Yemwe sadavomere ndi mwana. Adanditsata kumunda m'mawa mwake, ine ndikuthira feteleza, iye akubowola maenje ndi kamtengo.

"Agogo, tipite pa holide."

"Wamva kale."

"Anthu ambiri ali ndi vuto lanji? Ine ndidzakugwirani chitenje, sindidzakusiyani."

"Mkazi mnzanga, nyanja siuma. Januwale idzakhalapo."

"Koma agogo, tipite pa holide!"

Adalira, kulira kwenikweni, kogwetsa kamtengo pansi. Mwana ameneyu sadali wolirira zinthu. Adapsapo ndi phala pamwendo osatulutsa mawu. Ndidaganiza kuti ndi zithunzi za pa foni zija zamusokoneza mutu, ndipo ndidam'kalipira kuti akupondereza chimanga.

Holide yonse idathera m'munda. Mvula idagwa bwino chaka chimenecho, udzu udamera ngati watumidwa. Tinkapalira m'mawa, masana n'kukhala m'nyumba kumvera madontho padenga. Mwanayo sindinkam'lola kupita patali. Akapita kumjigo ndi mayi ake, ine ndinkapeza chifukwa choti ndikatungenso. Pa Khirisimasi tidapha nkhuku, tidaphika mpunga, koma ine ndi mwana wanga tinkalankhulana ngati anthu okumana pa chigayo. Iye akayamba nkhani, ine ndinkafufuza chomwe chabisala kuseri kwake. Masiku amene aja, omwe tikadakhala tonse atatu pamwamba pa madzi, ndidawatha ndikulondera chitseko.

Sukulu zidatsegulira. Mwana adavala yunifolomu, adanyamula makope m'jumbo, adatsika kanjira ka kusukulu ndi anzake. Ndidaima pakhomo mpaka atabisika kuseri kwa mitengo ya bulugama, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere mayi ake ndidapuma mpweya wonse.

Patapita masiku ochepa ndili kubandira chimanga, ndidaona mwana wanga akubwera ndi khasu. Chibwerere adali asanaligwirepo. Adayamba mzere woyandikana ndi wanga, tidalima pang'ono.

"Amayi, Lachisanu tikunyamuka."

"Sitima ndi sabata ya mawa."

"Sindikunena sitima. Ndikunena basi. Ine ndi mwana."

Ndidaimika khasu. Ndidaseka, chifukwa ndinkadziwa kuti ndam'gwira. "Pakati pa chaka? Ndi sukulu iti yomwe ingalandire mwana pakati pa chaka?"

"Kumene kuja chaka chimayamba Januwale, amayi. Akutsegulira sabata ya mawa. Malo ndidam'pezera kale."

Zimenezi palibe adandiuzapo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ana a dziko lonse lapansi amayamba kalasi yatsopano nthawi imodzi, chimanga chili m'nkhokwe. Ndidayang'ana mizere yomwe ndidabandira, ndipo sindidathe kukumbuka kuti ndayambira uti.

"Nanga sitima ija idali ya chiyani?"

"Idali yoti mukhale naye. Osagwira khasu, osaphika, osathamangitsa mbuzi. Mungokhala naye basi, muzidya limodzi, muziona madzi." Adapukuta thukuta ndi mkono. "Ndipo ndikadakuuzani tili pakati pa nyanja, pomwe simukadatha kumuolotsa msewu."

"Ndiye ndimanama? Sudabwere kudzandibera mwana?"

"Munthu saba mwana wake, amayi."

"Bwanji sudanene poyera tsiku lomwe udafika?"

"Ndikadanena, bwenzi pano ali kwa asuweni anu kutsidya, ine ndikudikira pampando ndi kapu ya madzi."

Ndidanyamula khasu n'kubwerera kunyumba, ndipo ndikuuzeni zoona, maganizo a kutsidyawo adali asanandichoke. Mwana ataweruka masana, mayi ake adakali kumunda, ndidam'patsa mbatata yootcha n'kunena kuti, "Tenga juzi yako. Tikawaone agogo ako a kutsidya, akudwala."

Adaika mbatatayo pambale. "Agogo, kutsidya sindipita."

Ndidam'yang'ana. Iye adayang'ana nsapato zatsopano zija.

"Umadziwa?"

Adagwedeza mutu.

"Kuyambira liti?"

"Amayi adandiuza pa foni asanabwere. Adati ndisanene."

Mwana wogona pabedi panga, wopumira m'khosi mwanga, adasunga chinthu chotere mwezi wathunthu osachigwetsa. Ndidam'phunzitsa ndine kuti za m'nyumba sauza anthu. Sindidaganizepo kuti tsiku lina anthuwo ndidzakhala ine.

"Ndipo iwe ukufuna kupita?"

"Ndikufuna amayi anga." Adakweza maso. "Inunso ndikukufunani. Ine ndimafuna tikwere sitima tonse, agogo. Ndimakuuzani."

Ndidakhala pansi pomwepo, pa simenti. Iye adabwera n'kukhala pamiyendo panga, msinkhu wonse uja, miyendo yake ikufika pansi.

Lachisanu kudacha ndi nkhungu, ija yoti galimoto umaimva usanaione. Ndidawakazingira mtedza, ndidawaphikira mbatatesi ndi mazira. Tidaima pamsewu kudikira minibasi ya ku Blantyre, komwe amakakwerera basi yaikulu. Sindidalire. Pamsewu pamakhala maso ambiri, ndipo anthu akaona nkhalamba ikulira amadziwa kuti nyumba yatsala yokha. Mwana wanga adandiuza kuti kachipinda ka m'sitima adalipiratu, pa sabata yomwe ndidasankha ija, ndipo tikiti sadaibweze. Adati nditenge aliyense yemwe ndingafune.

"Ndimutenge ndani?" ndidafunsa.

Minibasi idaima, kondakitala adayamba kukankhira chikwama chamatayala pansi pa mpando. Mwana adatulutsa mutu pawindo. "Mukakwere, agogo! Mukaone, mudzandiuze!"

N'chifukwa chake ndidapita. Pakadapanda mawu amenewo sindikadasiya nyumba yanga. Mbuzi ndidazipaka utoto kumakutu n'kukazisiya kwa mayi wina wa mvano wa kutchalitchi kwathu, utotowo ndikupaka iye akuona. Ndidatsika mapiri kudzera ku Kasinje, juzi ndidavulira m'njira, ndidadutsa minda ya mpunga yodzaza madzi, mpaka kukafika ku Monkey Bay thukuta lili kamukamu.

Sitimayo idali monga ndidafunira. Pansi padali amalonda owerengeka atagonera matumba awo. Pamwamba padali mabenchi opanda anthu, azungu awiri owerenga mabuku, ndi bambo wina wa jekete yemwe ankangogona. Wantchito wa m'sitimamo adanditsegulira kachipinda n'kundipatsa kiyi. Mudali mabedi awiri, lina pamwamba pa linzake, ndi kamakwerero. Mkazi mnzanga akadalimbirana lapamwambalo. Akadakwera n'kutsika mpaka ine kum'kalipira. Ndidaikapo chikwama changa, kenako ndidachitsitsa, chifukwa chinkaoneka ngati munthu wagona chafufumimba.

"Mwasankha nthawi yabwino, agogo," adatero wantchitoyo. "Mukadabwera pa holide, bwenzi ana akukupondani zala. Phokoso lake simukadagona."

Ndidam'yang'anitsitsa kuti ndione ngati wina wam'tuma kudzandinyoza. Adali kungonena.

Madzi ndidawaona. Ndi ambiri, ndipo sasintha. Ndinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa, chikwama pamiyendo, kiyi pachitenje, popanda ndi mmodzi yemwe wofuna kundibera. Chakudya ankabweretsa ena, mbale ankatsuka ena. Manja anga sadadziwe chochita. Ndikaona chinthu, kaya bwato la asodzi, kaya utsi wakuda uja woimirira pamadzi womwe adandiuza kuti ndi tizilombo touluka, ndinkatembenukira kumanzere kuti ndinene kuti taona. Kumanzereko kudali benchi.

Padoko lina sitima idaima patali ndi mtunda, timaboti tidabwera monga adanenera mayi wa usipa uja. Ndidatsikira pansi kuti ndione ndi maso anga. Mayi wina wachitsikana ankakwera kuchokera m'boti, dengu kumutu, khanda m'manja. Atafika pakhomo adangonditambasulira khandalo.

"Tandigwirireni, agogo."

Ndisanayankhe, mwana adali kale m'manja mwanga. Adali wofunda, wonunkhira mkaka ndi utsi wa nsomba. Adagwira mkanda wanga n'kuyamba kuukokera kukamwa. Mayi ake adatsitsa dengu, adabwereranso kukalandira thumba, adakangana ndi mwini boti, osacheuka n'kamodzi komwe. Atamaliza adabwera akupukuta manja.

"Iwe," ndidatero, "mwana sapatsa munthu wosam'dziwa."

Adaseka. "Mungathawire naye kuti, agogo, pamadzi pano?"

Adatambasula manja. Ine ndidachedwa kum'pereka. Ndidakonza kachipewa kake, ndidapukuta dovu pachibwano, ndidakonzanso kachipewa. Mayiyo adasiya kuseka n'kundiyang'ana. Ndidam'patsa mwana wake, ndidakwera kuchipinda kwanga, ndidakhoma chitseko chomwe ndidasankhira sitima yonseyo, ndipo ndidalira kulira komwe ndidakaniza pamsewu paja.

Nditabwerera kumudzi mbuzi zidali zonse, ndi utoto wake. Lamulungu mdzukulu wanga adaimba foni.

"Agogo, mudakwera?"

"Ndidakwera."

"Ndiye? Kudali bwanji?"

"Madzi ndi ambiri, mkazi mnzanga. Mabedi ake ndi osanjikiza."

"Osanjikiza! Inu mudagona pati?"

"Pansi."

"Anthu adalipo ambiri?"

"Ayi. Ochepa."

"Ndiye mudasangalala," adatero, ndi mtima wonse, wopanda chinyengo. Kumbuyo kwake ndinkamva mayi ake akumuitana m'chilankhulo china, iye n'kuyankha m'chomwecho. Kenako foni idaduka.

Mpaka lero ndimanena kuti sitima ya pa holide ndi yoopsa, ndipo mwana wanga adabweradi ndi zobisa. Pa ziwirizi palibe angandisinthe. Koma kukhoza kwangako sikunditenthetsa mapazi mwezi wa Juni. Amaimba, inde, mwezi ukatha. Mawu a mwanayo akukula, ndipo mawu ena achichewa ayamba kumuthawa, amaima n'kufunsa mayi ake. Amati adzabwera pa holide. Holide yake iti, ya kuno kapena ya kumeneko, sindifunsanso.

Kale ndikadwala, mwanayo ndiye ankathamanga kukaitana anthu. Tsopano ndikagwa kuseri kwa nyumba, oyamba kudziwa adzakhala mbuzi. Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa msewu wa kuno, mukapitirira pomwe amayala mbatatesi m'mabeseni, yang'anani kumtunda. Pali nyumba ya malata ofiira ndi dzimbiri, pakhomo pali mtengo wa mapichesi. Dzuwa likakwera koma utsi osaoneka, patukani. Utsi ukaoneka, patukanibe. Gogodani mwamphamvu, ndipo musadabwe ndikayamba ndasuzumira pawindo n'kukufunsani kuti wakutumani ndani. Yankhani bwinobwino, ndidzatsegula. Ngati muli ndi ana, musawasiye m'galimoto. Alowe, apange phokoso.